Tizala ta Chisoso

Imani pakhonde pomwepo, musalowe nazo m'nyumba. Taonani kabudulayo, taonani m'mphepete mwa diresilo. Mwadutsanso m'munda wa chimanga uja eti? Chisoso chokhachokha. Bwerani mukhale pamkekapa ndizikuchotsani, ndipo musamazitukwane njerezi. Sizikuchita mwano ayi. Pali chimene zikupempha, ndipo lero mumva kumene zidaphunzira kupemphako.

Kalekale, anthu akuvalabe nyanda, nsalu yosula kuchokera ku khungwa la mtengo, chisoso sichinkamera paliponse ngati lero. Dziko lonse chinkapezeka malo amodzi okha, m'kampata ka pakati pa miyala iwiri ikuluikulu pamwamba pa phiri lina. Masamba ake adali omwewa, maluwa ake omwewa, oyera ndi kachikasu pakati. Zosiyana zidali njere. Zidali zobulungira ndi zosalala ngati mapira, ndiponso zolemera moti mphepo inkalephera kuzinyamula. Zikakhwima zinkangogwera patsinde, n'kumera pomwepo.

Malowo ankawadziwa munthu mmodzi yekha, mayi wina dzina lake Nangondo, wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo. Munthu akadzitema ndi khasu, Nangondo ankakwera phiri n'kutsika ndi mankhwala obiriwira. Ankafinyira madzi ake pabalapo, magazi n'kusiya, bala n'kuuma osatukusira. Khanda likatuluka zilonda m'kamwa, ankalipaka madzi omwewo. Mwana akayera m'manja ndi m'maso chifukwa cha kuchepa magazi, ankamuphikira masambawo kuti azidya tsiku ndi tsiku mpaka mphamvu zitabwerera.

Koma palibe amene adaonapo tsamba lake lili lathunthu. Nangondo ankasinjiratu masambawo kuphiri komweko, m'kamtondo kamene ankabisa pansi pa mwala. Pakhomo pa kampatako padali tsache. Potuluka ankakung'untha nyanda yake kuti njere isatsale m'makwinya, kenako n'kusesa mapazi ake. Umenewu udali mwambo wa akazi a mtundu wake. Mayi ankauza mwana wamkazi mmodzi yekha, ndipo ankamuuza ali pamphasa ya imfa, osati nthawi ina iliyonse. Nangondo naye adauzidwa choncho. Mayi ake adamugwira dzanja n'kumulumbiritsa kuti njere ngakhale imodzi isadzatsike phiri, chifukwa mankhwalawo akadzadziwika ndi aliyense adzatha mphamvu.

Nangondo adali ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Ndaziona. Kuyambira atangodziwa kuyenda, mwanayo akaona mayi ake akutenga njira ya kuphiri, ankathamanga n'kugwira nyanda yawo ndi manja onse awiri.

"Amayi, nditengeni."

"Tsala ndi anzako."

"Sindikauza munthu."

"Ndati tsala."

Nangondo sankamumenya. Ankangowerama n'kuyamba kumasula tizalato kamodzikamodzi, kuyambira kakang'ono. Akamaliza dzanja lamanja, ankapeza lamanzere lagwira kale pena. Nthawi zina onse awiri ankafika poseka. Koma mathero ake adali amodzi: mayi ankakwera yekha, mwana n'kutsala pabwalo.

Ndaziona adakula n'kukwatiwa ndi mnyamata wa tsidya lina la mtsinje waukulu, dzina lake Chimbalanga. Mnyamatayo adakhala pachikamwini zaka zitatu, akulima ndi kumanga m'mudzi mwa mkazi wake, ndipo adabereka mwana wamkazi, Nthambi. Makolo ake atakalamba, adapempha chitengwa, kuti atenge mkaziyo akakhale naye kwawo. Abale adavomera. Kwa Chimbalanga kudali ulendo wa masiku awiri, ndipo pakati pake padali mtsinjewo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Ndaziona adapeza mayi ake kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, kumene ndikupitako kulibe mankhwala. Ndionetseniko tsamba lokha. Mwina kumeneko limamera."

"Ukundiika m'manda ndili moyo?"

"Si choncho, amayi."

"Tsiku lake lidzafika. Ndidzakuitanitsa."

Adamupatsa nsupa, kachikho kakang'ono kotseka pakamwa, yodzaza ndi ufa wa masamba ouma. "Ukamasamala, uwu ukukwanira zaka ziwiri."

Ufawo sudakwane ngakhale dzinja limodzi. Ndaziona sankatha kuona mwana wa mnzake akuchucha magazi iye ali ndi nsupa m'nyumba. Ankatapa, n'kutapanso, mpaka nsupa idalira mphepo.

Dzinja lotsatira, akupalira chimanga, khasu lidamutema paphazi. Bala lidatukusira, mwendo n'kutupa. Chimbalanga adatuma munthu, koma mtsinje udali utasefukira, ndipo wamthengayo adakhala padoko masiku asanu kudikira kuti madzi aphwe. Uthenga utafika, Nangondo adakwera phiri, adathyola masamba, adawasinja monga mwa masiku onse, adakung'untha nyanda, adasesa mapazi, n'kuuyamba ulendo. Patsiku lachiwiri, atamasula phukusi panjira, adapeza masamba osinjawo atada ndipo ayamba kununkha.

Adalowa m'mudzimo akazi akusesa pabwalo. Maliro adali ataikidwa dzulo lake.

Mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Akakumana panjira amapatukirana, ndipo akafuna kulankhula amagwada patali, wina atayang'ana uku, wina uko. Chimbalanga adasunga mwambo umenewu zaka zonse. Tsiku limenelo adabwera n'kuima pamaso pa Nangondo, n'kumuyang'ana.

"Bala lake chala changachi chinkaliphimba," adatero. "Masiku onsewo amangoti, 'Kuli tsamba, koma sindilidziwa.' Ndathyola masamba onse a m'tchire muno, ndikumuonetsa limodzilimodzi. Amangopukusa mutu. Amati, 'Sindidalionepo.'"



Pakhonde padakhala Nthambi, mwana wa zaka zitatu, osasewera, osalira. Nangondo adagwada n'kumutambasula kadzanja. Kachikhatho kadali koyera ngati ufa. Adamuyang'ana m'maso, namonso mudali moyera.

"Mwanayu ndimutenga," adatero Nangondo. "Ndi wa kwathu."

"Mwambo ndikuudziwa," adayankha Chimbalanga. "Koma tamuonani. Angathe masiku awiri kumsana, padzuwa ndi pamvula? Mukufuna akathere panjira?"

Nangondo adadziwa kuti mkamwiniyo akunena zoona. Adadziwanso china: mwana wotere amafunika masamba aawisi tsiku lililonse, kwa miyezi iwiri kapena kupitirira. Mwana sakanatha kupita kuphiri, ndipo masamba sakanatha kufika kwa mwana.

"Ndibweranso," adatero.

"Ndi nsupa ina?"

Nangondo adanyamula phukusi lake lonunkhalo n'kubwerera.

Padoko pankakhala mkulu wina wopalasa bwato, Kadammanja, amene adali msuweni wake. Pachisuweni mumadziwa mmene zimakhalira: amatchulana mwamuna ndi mkazi, ndipo amanyozana ngakhale pamaliro. Kadammanja adapalasa mpaka pakati pa mtsinje. Kenako adakhosomola.

"Mkazi wanga, ukadzafa iwe tidzakuika ndi kamtondo kako komwe, uzikasinjira akufa anzako."

"Palasa, chitsiru iwe."

"Ndikupalasa. Koma tandiuza, mtengo wakowo uli ndi mizu yachitsulo? Sungauzule ukaubzale tsidya lino?"

"Si mtengo."

"Ho!" Kadammanja adaimitsa nkhafi. "Zaka makumi anayi ndikufunsa, lero ndadziwa kuti si mtengo. Ndikakhala moyo zaka zina makumi anayi, mwina ndidzamva mtundu wa duwa lake. Koma kamwana kaja sikadikira choncho."

Nangondo adayang'ana madzi mpaka bwato lidagunda mchenga.

Atafika kwawo sadalowe m'nyumba. Adakwera phiri, adalowa m'kampata kaja, n'kukhala pansi pakati pa maluwa oyerawo. Sadathyole tsamba. Adangokhala, dzuwa n'kukwera mpaka pamutu. Masiku amenewo zomera zinkalankhula ndi munthu amene wakhala nazo pansi nthawi yaitali, ndiye chisoso chidamufunsa.

"Lero sukuthyola?"

"Amene ndimathyolera wapita."

"Adali ndani?"

"Mwana wanga. Ndi amene akanamabwera kuno ine nditafa."

"Sindidamuonepo."

"Sindidabwere naye."

"Sankafuna?"

Apa ndi pamene Nangondo adalira, koyamba chimvereni uthenga uja. Atatonthola adafotokoza zonse: za kamwana kothamanga pabwalo, za nsupa, za khasu, za Nthambi ndi kachikhatho kake koyera. Chisoso chidamvetsera mpaka kumapeto, kenako chidabwerera kumayambiriro kwa nkhaniyo.

"Wati ukamamukaniza ankatani?"

"Ankagwira nyanda yanga."

"Ndi chiyani?"

"Ndi tizala. Tating'ono, koma togwira zolimba."

"Nanga iwe unkatani?"

"Ndinkatimasula."

Mphepo idadutsa pakati pa miyala.

"Ndikufunseko," adatero Nangondo. "Anthu akakudziwa, udzatha mphamvu?"

"Adakuuza ndani?"

"Amayi."

"Iwo adamva kwa yani?"

"Kwa amayi awo."

"Ine palibe adandifunsapo. Koma sindikunamiza: sindikudziwa. Chibadwire sindidatulukemo muno."

Yankho limeneli lidamulemera Nangondo. Akanati atsitse njere, mphamvu n'kuthadi, Nthambi sakanachira, ndipo mudzi wake womwe ukanatsala wopanda mankhwala. Adakumbukiranso dzanja la mayi ake, lozizira, litagwira lake.

"Ndidalumbira," adatero, n'kudzuka. "Ndithyola masamba, ndiyenda mofulumira. Mwina ulendo uno akafika abwino."

"Udalumbira iwe," chidatero chisoso. "Ine sindidalumbire."

Nangondo sadamvetse. Adawerama n'kuyamba kuthyola, akuyenda pakati pa zomerazo. Sadaone zimene zinkachitika kumbuyo kwake. Njere zobulungira zija zidayamba kudziwongola. Zidatalika, zidaonda, zidada, ndipo kunsonga kwa iliyonse kudatuluka tizala, ina tiwiri, ina titatu.

Atafika pakhomo pa kampatako adatenga tsache monga mwa masiku onse, n'kuyang'ana pansi kuti akung'unthe nyanda. M'mphepete monse mudali bii. Adakung'untha, koma palibe idagwa. Adakung'unthanso mwamphamvu, osagwa ngakhale imodzi. Ndiye adawerama n'kugwira njere imodzi kuti aichotse ndi manja, ndipo adamva kuti ikukana. Adaikoka, kachala kamodzi kadamasuka, kenako kachiwiri. Ataiponya pansi adapeza ina yagwira kale pamkono.

Dzanja lake linkaidziwa ntchito imeneyi. Lidaigwira zaka zambiri, m'mawa uliwonse, pabwalo la kunyumba kwake.

Nangondo adaima chiweramire nthawi yaitali. Kenako adatola njere imene adaponya ija n'kuibwezera panyanda. Adaika tsache pamwala, osasesa mapazi. Adabwerera m'kampatamo n'kudula nthambi zathunthu, za masamba ndi maluwa omwe. Kamtondo sadakakhudze. Atatsika phiri adakulunga nthambizo m'makungwa anyowa a nthochi, ndipo m'mawa mwake adanyamuka.

Kadammanja adamuonera patali n'kuyamba kuseka asadafike.

"Mkazi wanga wagona m'khola la nkhuku? Nsabwe zanji zazitali chonchi? Bwera ndikuchotse, ungandichititse manyazi kwa anthu atsidya."

Adatambasula dzanja, Nangondo n'kulimenya.

"Zisiye. Zili paulendo."

"Zalipira bwato?"

"Ndi zimenezi wakhala ukufunsa zaka makumi anayi."

Adamasula phukusi n'kusolola nthambi imodzi, n'kumupatsa m'manja. Kadammanja adaitembenuza uku ndi uku, adainunkhiza, adayang'ana duwalo.

"Kameneka? Kaudzu aka? Ine ndinkayesa chinthu cha nyanga!"

Koma adaika nthambiyo pamalo ouma m'bwatomo ngati akugoneka khanda. Pamene ankafika tsidya, njere zina zidali zitasamukira m'ndevu zake, zina pamchira wa galu wake.

Nangondo atafika kumudzi kwa Chimbalanga adaima pabwalo n'kuitana akazi onse. Adatambasula makungwa a nthochi aja. Masamba adali atafota pang'ono, koma adali obiriwira, chifukwa sadasinjidwe.

"Tsamba lake ndi ili," adatero. "Lionetsetseni. Limagawika patatu, m'mphepete muli timano. Duwa ndi ili. Likakhala bala, mufikise m'manja n'kufinyira. Akakhala mwana woyera m'manja, muphike nsonga zanthete azidyera."

Adapereka nthambizo kuti ziyende m'manja mwa aliyense. Imodzi idafika kwa Chimbalanga. Adaigwira nthawi yaitali, kenako adapita nayo kumanda yekha.

Nangondo adapempha kuti amuonetse munda umene Ndaziona ankapalira. Adakakhala pansi m'mphepete mwake, pamzere umene udasiyidwa pakati. Nthaka idali yonyowa. Atangokhala, tizala tonse tidamasuka tokha, njere n'kuyoyokera pansi.

Masiku oyamba Nthambi adadya masamba a m'phukusi. Adalavula, chifukwa chisoso chili ndi kakuwawa kake. Nangondo adathira nsinjiro, mwana n'kumeza. Masambawo atatha padadutsa masiku angapo opanda kanthu, ndipo masiku amenewo Nangondo ankangozungulira m'mphepete mwa munda. Njere zidali zitamera patsiku lachinayi, koma timasamba tidali tating'ono. Mwezi usadafike theka adayamba kutsina nsonga.

M'mawa uliwonse ankatambasula kadzanja ka Nthambi. Koyera. Mawa lake, koyerabe. Musafunse zimene zinkayenda mumtima mwake: mwina mayi ake ankanena zoona, mwina zimene ankaphikazo tsopano zidali udzu wamba.

Tsiku lina mkulu wina wa m'mudzimo adadzitema ndi nkhwangwa pamsongolo. Nangondo adali kumtsinje. Mkazi wa mkuluyo sadadikire. Adathamangira kumunda, adathyola yekha, adafikisa, adafinyira. Pamene Nangondo ankafika, magazi adali atasiya, ndipo mayiyo adali akukalipira mwamuna wake.

"Nkhuni zili apo, inu mukutema mwendo. Tiphikira mwendo?"

Nangondo adayang'ana balalo, adayang'ana manja obiriwira a mayiyo, n'kukhala pansi pomwepo. Mankhwala adagwira ntchito m'manja mwa munthu amene sadalumbire kanthu.

Mwezi wachiwiri uli pakati, adatambasula kadzanja kaja m'mawa n'kuona kuti mizere ya m'chikhatho yayamba kufiira. Sadauze munthu tsiku limenelo, poopa kuti maso akumunamiza. Patapita masiku atatu Nthambi adathamangitsa nkhuku pabwalo mpaka kugwa, n'kulira mokweza mudzi wonse kumva. Anthu adatuluka m'nyumba akuseka, chifukwa kulira kotero kumafuna mphamvu.

M'mawa mwake Nangondo akusesa, adamva munthu akuomba m'manja kuseri kwa nkhokwe. Adali Chimbalanga, atagwada patali, nkhope atalozetsa kwina.

"Apongozi, mwadzuka bwanji?"

Nangondo naye adatembenuka, adagwada, n'kuyang'ana kumbali. "Tadzuka, kaya inu, bambo a Nthambi."



Atamaliza kusesa adatenga lichero kuti akathyole masamba. Asadatuluke pabwalo adamva chinthu chikumukoka kumbuyo. Nthambi adali atagwira nyanda ndi manja onse awiri.

"Agogo, nditengeni."

Nangondo adayang'ana tizalato. "Tiye," adatero. "Gwiritsa."

Kuchokera m'munda umenewo chisoso chidayenda. Chidakwera pamchira wa galu, paubweya wa mbuzi, panyanda za alendo ndi za akazi opita kukatunga madzi. Padoko chidamera chaka chomwecho, pamene Kadammanja ankapesera ndevu. Kuphiri kuja tsache lidaolera pamwala.

Ndi chifukwa chake mpaka lero chisoso sichilola munthu kudutsa osamugwira chovala, ndipo chimamera pafupi ndi anthu: m'munda, m'mbali mwa njira, kuseri kwa nyumba. Chimaopa kuti wina angadzachifune chili kutali. Tatengani njere imodzi muiyang'ane kunsongaku. Mwationa? Iyi ili ndi tiwiri, iyi titatu.

Tsono izi tachotsazi musaziponye pamoto. Kaziwazeni kuseri kwa khola la mbuzi, kumene mayi anu ankawaza zawo. Chimene adawaza chaka chijachi chikumerabe. Pobwera muthyoleko nsonga zanthete za ndiwo zamasana, ndi masamba ena atatu a bala la pabondo lanyukalo. Limenelo ndi laling'ono, tithana nalo pompano. Likanakhala lalikulu tikanapita kuchipatala.

Pitani nonse awiri, iwe wamkulu usamusiye wamng'onoyo. Ukamuonetse tsamba lake.